Ndakadya chigwada cha ku Congo kwa a Sajeni, nayi ndemanga yanga

Anzanga angapo akhala akundifunsa za mbale ija ndinaika pa WhatsApp sabata yatha, ena mpaka kundinena kuti ndayamba kudya zachilendo, nde ndati bola ndingolemba kamodzi ndithane nazo. Malo ake ndi kalesitilanti kakang'ono konkuno ku Zomba, ukachoka m'tauni ngati ukupita ku Chinamwali, kali mkati pang'ono kuchoka pamsewu, kopaka penti wobiriwira amene wayamba kale kusupuka. Dzina sinditchula chifukwa m'munsimu muli madandaulo anga ndipo sindikufuna wina adzanene kuti ndinagwetsa bizinesi ya munthu pa intaneti. Amene mukufunadi kupitako mundifunsa kumbali.

Eni ake ndi bambo wina amene anapuma usilikali, aliyense amangowaitana kuti a Sajeni, pamodzi ndi akazi awo amene amakhala pakauntala kugwira ndalama. Bambowa anapitako ku Congo kawiri ku ntchito ija yosungitsa mtendere, imene kuno timangoti ku mishoni, ndipo malowa anawatsegula ndi ndalama za ulendo wachiwiri. Ine ndadyako kanayi tsopano, kawiri ndekha, kamodzi ndi mayi a kunyumba, kamodzi ndi anzanga awiri a kuntchito, nde zimene ndikulembazi si za tsiku limodzi ayi.

Tiyambe ndi chimene chinandikokera kumeneko, chigwada. Abale inu. Ine ndinakulira chigwada cha kwathu chija, kusinja, kasoda pang'ono, tomato, nsinjiro, basi, ndipo ndimachikonda mpaka pano, koma ichi ndi china. A Sajeni anachiphunzira ku Beni, tauni ya kummawa kwa Congo, kumeneko amachitcha sombe. Masamba amawasinja mumtondo mpaka afewe ngati phala, soda osathira olo pang'ono, kenako mphika umakhala pamoto maola awiri pena atatu, muli anyezi wambiri, mabilinganya odula tizidutswa amene amasungunukiramo osaonekanso, mlamba wowamba wa ku Chilwa wochotsa minga, ndi mafuta a mawese aja ofiira amene amachita kuitanitsa ku Karonga. Mawesewo ndi amene amasintha zonse. Chikafika patebulo chimakhala chobiriwira moderako, m'mbali mwa mbale muli kamzere kofiira ka mafuta, fungo la utsi wa nsomba likukulonjera usanasambe ndi m'manja momwe, ukasunsa mbamu yoyamba umayamba wakhala kaye chete. Mnzanga wina sanachikonde, akuti chikumveka sopo kkkk, nde ndikuchenjezeni kuti mawese si a aliyense. Ineyo ndinapempha chowonjezera. Chimapezeka Lachitatu ndi Loweruka basi chifukwa kusinjako ndi ntchito, ndipo Loweruka amaphikanso kondowole, amene mumadziwa kumeza kondowole musaphonye tsiku limenelo.

Zinazo ndidutsa mwachangu. Nkhuku ndi ya lokolo yeniyeni, yolimba bwino, msuzi wake wosachita kuonjezera madzi, koma nthuli yake ndi yaing'ono pa K7,500 ndipo ndinawauza pamaso. Nyemba tsiku loyamba zinali ndi mchere ngati anthu awiri anathira mosauzana, ulendo wina zinali bhobho. Tchipisi musaode, si mbali yawo, chimabwera chofewa chonyowa mafuta, bola kukagula pa chiwaya kudepoti. Kambuzi amapanga okha, wosinja ndi adyo ndi mandimu, muziyamba ndi kadontho. Nsima ilipo ya ufa woyera ndi ya mgaiwa, mitanda itatu yosanyengerera, mpunga ndi wa konkuno wonunkhira uja. Thobwa limazizira magetsi akakhalapo, akazima mumwa lotentha lomwelo.

Ukhondo nde ndilibe nawo mawu. Mumadziwa mmene malesitilanti ambiri a mtengo umenewu amakhalira, ndowa ya madzi osamba m'manja mafuta ali yandayanda pamwamba, kansalu kopukutira tebulo kakuda bii. Kuno kuli ndowa ya mpopi, sopo alipo nthawi zonse, mapoto anawapachika pamzere kuyambira laling'ono mpaka lalikulu ngati ali pa perete, ndipo chimbudzi, chimbudzi abale, mayi a kunyumba anabwerako akuseka kuti chikuposa cha kwathu. Usilikali sutuluka m'thupi.

Tsopano dandaulo langa lalikulu. Ulendo wachitatu ndinapita ndekha pa nkhomaliro, ndaoda 12:20, ndili ndi ola limodzi lokha loti ndibwerere ku ofesi. 12:45 palibe. 1 koloko palibe. Matebulo ena awiri nawonso akungoyang'ana kukhomo la kukhitchini, mnyamata woperekera zakudya akungozungulira kupukuta matebulo opukuta kale. Ine mtima unakwera, ndinanyamuka kupita pakauntala kukafunsa ngati nkhukuyo akuchita kuithamangitsa kaye. Mayi aja anandipepesa motsitsa mawu, akuti pepani achimwene, wophika wathu watuluka pang'ono ali pa foni. Pa foni? Nthawi ya nkhomaliro? Ndinasuzumira pa kawindo koperekera mbale ndipo ndinawaona achemwali ophikawo kuseri, atakhala pa thumba la makala, foni kukhutu, dzanja linalo mthiko ukadali m'manja ufa uli mbuu, osalankhula zambiri, kumangoti eya, eya, ana ali bwino, eya, misozi ikutsika koma nkhope ikuseka. Mayi aja nde anandiuza kuti amuna awo a achemwaliwo ali ku mishoni panopa ndipo panatha masiku naini foni yawo isakupezeka, tsiku limenelo ndi pamene anaimba.

Ndinabwerera pampando mwakachetechete ngati galu woba mazira. Chakudya chinabwera 1:15, ku ofesi ndinachedwa.

Amene simukhala ku Zomba mwina simungamvetse kuti masiku naini ndi chiyani. Tauni ino ndi ya asilikali, Cobbe Barracks ili pompano, palibe mpingo kapena sukulu imene mulibe mkazi kapena mwana wa msilikali. Kuyambira 2013 pamene UN inakhazikitsa gulu lija la Force Intervention Brigade, la asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa, anyamata athu akhala akusinthana kupita kummawa kwa Congo, ndipo gulu limeneli silinali longoima pakati kuyang'anira ayi, linapatsidwa mphamvu zolimbana ndi zigawenga maso ndi maso. Mu Novembala 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa kufupi ndi Beni pomenyana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo anali Chancy Chitete, amene anawomberedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania wovulala, wa ku Tanzaniayo anachira, ndipo mu Meyi 2019 UN inapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu waukulu kwambiri umene amapereka kwa osungitsa mtendere. Kenako Januwale 2025, zigawenga za M23 zikulowa mumzinda wa Goma, tinatayanso atatu mwa amene anapita pansi pa SADC, mpaka a Chakwera analamula mwezi wotsatira kuti gulu limenelo liyambe kukonzeka kubwerera. Sabata imeneyo ndimaikumbuka, mu minibasi anthu osalankhulana, aliyense maso pa foni. Nde mkazi amene amuna ake asowa pa netiweki masiku naini sakuganiza za netiweki.

Komabe, ndipo apa mwina ena mundinena kuti ndine wouma mtima, pomalipira ndinawauzabe a Sajeni kuti bwana, nkhani ndaimva ndipo achemwaliwo sindikuwaimba mlandu, koma khitchini siingaime chifukwa munthu mmodzi watuluka, pezani wachiwiri wodziwa kuomola nsima kapena inuyo muzilowa. Ndimayembekezera kuti akwiya. Anandiyang'ana, kenako anati, achimwene mwachita bwino kunena, ambiri akakhumudwa sanena kanthu, amatimvera chisoni n'kusiya kubwera. Ulendo wachinayi ndinawapeza okha atavala epuloni akuomola nsima, chakudya chinafika pasanathe mphindi 20.

Mawu amenewo andikhala m'mutu, chifukwa ifeyo anthu wamba tikamva zoti kuthandiza pa nkhani za mtendere timaganiza za ma bwana a masuti ku New York kapena ku Addis Ababa, kapena timaganiza zomvera anthu chisoni pa maliro, kuimba nyimbo, kubalalika. Koma bamboyu chimene akufuna kwa ine si chisoni, akufuna ndibwere, ndidye, ndilipire, nyemba zikawawa mchere ndinene, ndibwerenso.

Kulipirako nde nkhani ina. Tsiku limene ndinapita ndi mayi a kunyumba kunalibe anthu ambiri, tinacheza ndi mayi a pakauntala ndipo anatulutsa kabuku, hadikava ija ya ana asukulu, yakuda ndi mafuta m'makona. Kabuku ka ngongole. Mayina sanationetse, anangotembenuza mapeji mwachangu kuti tione kuchuluka kwake, mapeji ndi mapeji, ena analembedwa chaka chimene anatsegula ndipo mpaka lero sanadulidwe mzere. Akuti ambiri mmenemo si anthu osowa ayi, ndi achibale, anzawo a kumpingo, anthu ogwira ntchito zabwinobwino m'tauni muno, ndipo ukawakumbutsa yankho ndi limodzi, aaa inu a madola a ku Congo mukulilira K5,000? Mayiwo anaseka pofotokoza koma sikunali kuseka kwenikweni. Akuti madolawo anatha kalekale, analowa mu malata, mafiliji awiri, mipando ndi fizi ya ana, chimene chatsala ndi poto ndi manja awo. Pano anapachika chikwangwani pakhoma choti ngongole ayi, ndipo anthu ena anasiya kuwapatsa moni.

Apa ndisanamizire kuyera. Msuweni wanga anapitako ku Ivory Coast nthawi imene asilikali athu anali kumeneko, atabwera ine ndinali m'gulu la oyamba kufika pakhomo pake, moni wa pakamwa chabe, mtima uli pa foni imene ndinkafuna andigulire. Sindinamufunse kuti wagona bwanji miyezi yonseyo, sindinafunse kuti alamu anakwanitsa bwanji ndi ana atatu okha, nthawi yonse imene iye kunalibe sindinapondeko pakhomopo olo kukasiya kathumba ka mbatata. Tonse pamtundu tinamuona ngati banki yoyenda. Ndalama zitatha tinayamba kumunena kuti anadya mosaganiza, ife amene tinadya nawo. Nde pamene mayi aja ankatembenuza mapeji ine ndimangoyang'ana pansi, mayi a kunyumba akundiponda phazi pansi pa tebulo chifukwa nkhani ya foniyo amaidziwa.

China chimene ndinaona ndi maso anga, tsiku la anzanga a kuntchito lija. Pakhoma pali chithunzi chimodzi chokha cha a Sajeni atavala chipewa cha buluu cha UN, chaching'ono, chili pamwamba pa filiji. Bambo wina amene anali atalawako kale zake anachiona n'kuyamba kukuwa, a Sajeni, tiuzeni zoona, munapha angati kumeneko? Anzake kuseka. A Sajeni anali atanyamula jagi ya madzi, anangoima, kenako anaika jagiyo patebulo pang'onopang'ono, n'kufunsa kuti bambo, ndiwo zakwana kapena tionjezere? Analowa kukhitchini ndipo sanatulukenso mpaka ife tinanyamuka. Chonde abale, mukapita kumeneko funso limenelo lisiyeni pakhomo. Ngati mukufuna kucheza nawo za Congo afunseni za chakudya, za Chiswahili chimene anaphunzira, za mvula ya kumeneko, amafotokoza mpaka nsima kuzizira. Ine anandiuza za amayi a ku Beni amene amabwerera kumunda m'mawa pambuyo pa usiku wa mfuti, khasu paphewa, chifukwa akapanda kulima adya chiyani, ndipo akuti ndi mmodzi wa amayi oterowo amene anawaphunzitsa sombe. Zinazo akafuna adzanena okha. Ndipo tisiyenso chizolowezi chathu chonena kuti wabwera ndi misala tikaona msilikali wabwerako ali duu kapena wayamba kumwa kwambiri, tauni ino tili ndi chipatala cha matenda a maganizo koma dzina lake timaligwiritsa ntchito potukwanirana, nde munthu angapiteko bwanji kukapempha thandizo?

Pafupi ndi kauntala pali kashelefu kamene ndinakakonda. Amagulitsapo sopo ndi tizikwama ta chitenje zopangidwa ndi anthu othawa nkhondo a ku Dzaleka, mlamu wawo wa ku Dowa ndi amene amabweretsa. Ndinagula kachikwama K6,000, zipi yake ndi yolimba, kusoka kowongoka, mwana wanga akuikamo mapensulo miyezi iwiri tsopano sikanang'ambike. Sopoyo ndi wabwino koma amatha msanga ukamusiya m'madzi. Ndinawafunsa a Sajeni chifukwa chake amasunga zimenezi poti phindu lake ndi lochepa, anati anthu amenewa midzi imene anathawa ine ndinaiona. Basi, sanaonjezere. Dzaleka inatsegulidwa 1994, malo oyenera anthu pafupifupi 10,000 koma pano muli opitirira 50,000, ambiri a ku Congo komweko, ena a ku Burundi ndi Rwanda, ndipo chichokereni 2023 pamene boma linalamula kuti onse okhala m'matauni abwerere kukampu, mashopu aja tinkati a maburundi atatsekedwa, njira zawo zopezera ndalama zinachepa kwambiri. Pa nkhani ya lamulolo aliyense ali ndi maganizo ake ndipo sindikufuna mkangano pano, ine ndikungoti kachikwamako ndi kabwino ndipo ndalama yake ikukafika kwa munthu amene akuyambiranso moyo. Amene mungakwanitse ulendo wa ku Dowa, kumakhalanso chikondwerero cha Tumaini mkati mwa kampu momwemo, chinayamba 2014, mukadye ndi kugula komweko.

Kashelefu kameneka kanandikumbutsa agogo anga aakazi a kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, pamene dziko lino linalandira anthu a ku Mozambique opitirira 1 miliyoni, agogo anapatsa banja lina kamunda kuseri kwa nyumba, osati chakudya chokha ayi, munda, kuti azilima okha. Ankati mlendo ukamamupatsa nsima tsiku ndi tsiku mudzadana, mpatse khasu. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 anthuwo anabwerera kwawo ndi mbewu ya chimanga ndi nandolo yochokera m'munda umenewo, yokayambira. Agogo sankadziwa kuti UN ndi chiyani.

Mayi a pakauntala anandiuzanso kuti Novembala akamayandikira amaika kabokosi ka maluwa ofiira aja a popi, a chikumbutso cha asilikali, ndalama zake zimapita kothandiza asilikali akale. Kunena zoona ine chipilala cha KAR, chija chokumbukira asilikali akale a King's African Rifles, ndimachidutsa pafupifupi tsiku lililonse popita kuntchito koma duwa limenelo sindinagulepo chibadwire, ndimaliona pa majekete a nduna pa TV ndi kumaganiza kuti ndi za akuluakulu. Chaka chino ndawauza andisungire awiri. Komanso achemwali ophika aja ali mu banki m'khonde ya akazi a asilikali anzawo, ena amagulitsa mandasi, ena kaunjika, ena tomato mumsika waukulu, nde mayi a kunyumba ayamba kugula tomato kwa mmodzi wa iwo, mtengo ndi womwewo wa aliyense, sitikuluza kanthu.

Zoti mudziwe musanapite. Amatsegula 7 koloko m'mawa, tiyi ndi mbatata kapena chinangwa chophika zimakhalapo, amatseka 7 madzulo, Lamulungu satsegula. Malo ndi ochepa, matebulo sikisi, nde pakati pa 12:30 ndi 1:30 mutha kudikira mpando, ndipo masana kumatentha chifukwa denga ndi la malata opanda siling'i, fani ndi imodzi yoyang'ana kukauntala. Poimika galimoto ndi povuta, mvula ikagwa kanjira kolowera kamachita matope, bola kubwera pa kabaza kapena wapansi. Mowa sagulitsa ndipo wobwera nawo amamubweza mwaulemu. Airtel Money ndi Mpamba amalandira, koma ngati mwatenga kashi tengani yosinthasintha chifukwa chenji chimawavuta. Wailesi imakhala motsitsa, nyimbo za rumba, munthu umatha kucheza osakuwa.

Pa teni ndikuwapatsa seveni ndi theka. Chigwada chokha ndi teni, ukhondo teni, tchipisi ndi nthuli ya nkhuku ndi zimene zawagwetsa, kuchedwa kuja ndakuchotsera theka lokha poti anakonza. Loweruka likubwerali ndikupitanso ndipo ndamuitana msuweni wanga uja, ndamuuza kuti bilu ndi yanga, anayamba wafunsa kawiri ngati ndili bwinobwino. A Sajeni ngati mwana wanu wakuwerengerani izi, K500 yanga ya chenji cha ulendo watha ija ndikuikumbuka, muikonzeretu.